Zolemba za kalabu ya masamu: ntchito yofufuza nambala 4,294,967,297

Lachisanu, 9 Meyi

Tayamba lero. Ndalemba nambala imodzi yokha ndi maka wakuda pa pepala lalikulu la manila, 4,294,967,297, n'kulimata pakhoma la kumbuyo kwa kalasi. Pansi pa nambalayo pepala ndi loyera. Tapangana ndi ana kuti pofika potseka teremu tidzaze mpatawo ndi zimene tingatsimikize za nambalayi, koma lamulo ndi limodzi: sitilembapo kanthu kamene sitinakawerengere tokha. Abwera ana 14, ambiri a Fomu 3, poti a Fomu 4 mitima yawo ili ku mayeso a MSCE.

Nambalayi siyotola pamsewu. Mukatenga ma 2 okwana 32 n'kuwachulukitsa onse pamodzi mupeza 4,294,967,296, ndipo mukaonjezerapo 1 mwafika pa yathuyi. Ndi yachisanu ndi chimodzi pamzera wa nambala za Pierre de Fermat, woweruza milandu wa ku Toulouse ku France, amene masamu ankachita pa nthawi yake yopuma. Mzerawo umayamba chonchi: 3, 5, 17, 257, 65,537. Iliyonse ndi 2 wokwezedwa ku 1, 2, 4, 8, 16 (kutanthauza ma 2 okwana chiwerengero chimenecho ochulukitsidwa pamodzi), kuonjezera 1. Zisanu zonsezi ndi ma prime, kutanthauza nambala zosagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Mu 1640 Fermat analembera anzake makalata kuti akukhulupirira kuti mzera wonsewo mpaka muyaya ndi wa ma prime okhaokha, ngakhale anavomera kuti umboni wathunthu analibe.

Ana ndawauza nkhaniyi mpaka pomwepa basi. Mathero ake ndikuwadziwa, koma ndikufuna awakumbe okha.

Zophweka tathana nazo lero lomwe. Nambalayi ikuthera ndi 7, choncho 2 ndi 5 sangaigawe. Manambala ake khumi kuwaphatikiza akupereka 59, ndiye 3 ndi 9 alephera. Pa 7 chotsala ndi 5, pa 11 chotsala ndi 5. Mnyamata wina anafunsa kuti, "Sala, ndiye tigawa mpaka pati?" Funso lenileni ndi limenelo. 65,536 kuchulukitsa ndi 65,536 ndi 4,294,967,296, choncho ngati pali nambala yogawa yathuyi, yaing'ono yake ili pansi pa 65,536. Ma prime a pansi pamenepo alipo 6,542. Nditalemba chiwerengerochi pabolodi m'kalasi munangoti zii.

Lachisanu, 16 Meyi

Ndinawalola ayesere njira ya mphamvu kuti aone kulemera kwake. Tinagawana m'magulu anayi, makakyuleta atatu oyendera magulu onse, ndipo gulu lina linkagawa pamanja. Pakutha pa ola tinali titadutsa ma prime 25 onse a pansi pa 100 ndi ena ochepa kupitirira apo, palibe ngakhale imodzi yogawa. Pa liwiro limeneli, kuti timalize ma prime 6,542 tingafunike misonkhano yoposa 200. Gulu lina linakuwa kuti 73 wagawa, koma titabwereza tinapeza kuti posindikiza anadumpha 9 mmodzi. Ndawauza kuti kuyambira tsopano yankho lililonse liziwerengedwa ndi magulu awiri osaonetsana.

Chokoma cha lero chinachokera kwa mtsikana wina wa Fomu 3 amene kugawa kunamutopetsa n'kuyamba kuseweretsa nambala zisanu zoyamba zija. Anachulukitsa 3 ndi 5 n'kupeza 15, amene ndi 17 kuchotsa 2. Anapitiriza: 15 ndi 17 ndi 255, amene ndi 257 kuchotsa 2. Kenaka 255 ndi 257 ndi 65,535. Atachulukitsa 65,535 ndi 65,537 anapeza 4,294,967,295, n'kutembenuka kuyang'ana pakhoma. Ndi nambala yathu kuchotsa 2. Ndinamuuza alembe yekha pa manila, ndipo ichi ndi choyamba kulowa pa pepalalo chimene sindinachikonzekere ine.

Tanthauzo lake ndi lalikulu kuposa mmene likuonekera. Ngati prime ina ikugawa yathuyi komanso ikugawa imodzi mwa zisanu zija, iyenera kugawanso kusiyana kwake, komwe ndi 2, ndipo izi sizingatheke poti nambala zonsezi sizigawika ndi 2. Ndiye kuti nambala za Fermat sizibwerekana ma prime, iliyonse ili ndi ake. Katswiri wa masamu Christian Goldbach anamulembera katswiri mnzake Leonhard Euler mfundo imeneyi mu 1730. Kwa ife phindu lake ndi loti 257 tamuchotsa osamuyesa n'komwe, ndipo taona chifukwa chake 3, 5 ndi 17 analephera.

Lachisanu, 23 Meyi

Tsiku lalikulu. Ndilemba mwatsatanetsatane kuti aphunzitsi ena ofuna kubwereza ntchitoyi apeze njira.

Ndinayamba ndi kuwaphunzitsa kusunga chotsala chokha. Kuti mudziwe ngati 193 akugawa nambala yathu, simukufunika kugwira mabiliyoni anayi onse. Yambani ndi 65,536, mugawe ndi 193, chotsala ndi 109. Chulukitsani 109 ndi 109, mupeza 11,881, mugawenso ndi 193, chotsala ndi 108. Onjezerani 1 uja, mwapeza 109. Si ziro, ndiye 193 sakugawa. Zonsezi zimakwana pa theka la tsamba la kope.

Kenaka funso la sabata yoyamba lija: tiyese ziti? Apa ndinatenga nthawi. Tiyerekeze kuti pali prime p yogawa nambala yathu, yomwe ndi 2³² + 1. Ndiye kuti 2³² ikagawidwa ndi p imaperewera 1 kuti ikwane ndendende. Mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mupeza 2⁶⁴, imene imasiya chotsala 1. Tsono zotsala za 2, 4, 8, 16 ndi kumapitirira zimazungulira ngati masiku a sabata, ndipo kutalika kwa mzungulirowo kuyenera kugawa 64. Sikungakhale 32 kapena kuchepera apo, chifukwa pa 32 chotsala si 1. Ndiye ndi 64 yeniyeni. Pali lamulo lina la Fermat yemweyo, limene analemba m'kalata yake kwa Frénicle de Bessy mu 1640, lakuti 2 wokwezedwa ku p − 1 amasiya chotsala 1 akagawidwa ndi p. Mfundo ziwirizi mukaziika pamodzi, 64 ayenera kugawa p − 1. Choncho prime iliyonse yogawa nambala yathu ili m'gulu la 64 kuchulukitsa ndi kanthu, kuonjezera 1.

Si onse anamva ulendo woyamba. Ndinabwereza ndi nambala yaing'ono, 17, kuwaonetsa zotsala 2, 4, 8, 16, 15, 13, 9, 1 zikubwerera poyambira pa sitepe yachisanu ndi chitatu, ndipo ambiri anayamba kugwedeza mitu. Atatu kapena anayi ndikuona kuti angovomera chifukwa cha ine. Ndidzakhala nawo padera.

Tinalemba mndandanda: 65, 129, 193, 257, 321, 385, 449, 513, 577, 641. Ana anachotsa okha zosakhala prime: 65 ndi 385 zikuthera ndi 5, pamene 129, 321 ndi 513 zikugawika ndi 3. 257 tinamuchotsa kale sabata yatha. Zotsala zinali zinayi: 193, 449, 577 ndi 641. Pa 449 yankho linatuluka 325. Pa 577 linatuluka 288.

641 anagwera gulu lopanda kakyuleta. Ndinaima kumbuyo kwawo osalankhula. Anagawa 65,536 ndi 641, analowa maulendo 102, chotsala 154. Mnyamata wogwira pensulo anachulukitsa 154 ndi 154 m'mphepete mwa tsamba, 23,716. Mnzake anayamba kufuna kuti 641 alowamo kangati, anayesa 36, anaona kuti chotsala ndi chachikulu, anayesa 37 n'kupeza 23,717. Anakwinya nkhope n'kunena kuti, "Yapitirira ndi wani." Anafuna kufufuta. Mtsikana amene anali kungoyang'ana anamugwira dzanja, amvekere, "Usafufute, wani ameneyo ndi uja tikuonjezera!" Anaimirira onse nthawi imodzi, benchi kugwa. Gulu lachiwiri linasindikiza pa kakyuleta, 4,294,967,297 kugawa ndi 641, n'kutuluka 6,700,417 wopanda kadontho kumbuyo.

Apa m'pamene ndinawauza zotsala za nkhani ija. Goldbach anamutchulira Euler za maganizo a Fermat m'kalata ya mu 1729, ndipo mu 1732 Euler, ali ndi zaka 25 ku St Petersburg, anaonetsa kuti 641 amagawa nambalayi. Panali patadutsa zaka 92. Chimene chimandikhudza nthawi zonse n'chakuti chida chotsegulira chinali m'manja mwa Fermat mwini, lamulo lake lomwe lija. Munthu wanzeru zakuya chotero anaona zitsanzo zisanu zikugwirizana, mtima unakhazikika. Sindikumunyoza, ndipo ndawaletsa ana kumunyoza, chifukwa ananena poyera kuti sanatsimikize. Koma ndikufuna akumbukire kulemera kwa mawu akuti "sindinatsimikize" akamalemba mayankho awo.

Lachisanu, 30 Meyi

Sitinakumane, ana anali ku masewero. Ndakhala ndekha mu stafu rumu kukonza umboni waufupi woti tidzaumate pakhoma. 641 ali ndi nkhope ziwiri: ndi 5 × 128 + 1, komanso ndi 625 + 16, kutanthauza 5⁴ + 2⁴. Nkhope yoyamba ikunena kuti 5 × 2⁷ ikuperewera 1 kuti ikwane 641, ndiye mukaikweza ku 4, 5⁴ × 2²⁸ ikusiya chotsala 1. Nkhope yachiwiri ikulola kuika −2⁴ m'malo mwa 5⁴. Zikatero −2³² ikusiya 1, ndipo 2³² + 1 ikugawika. Mizere inayi yokha. Sindinawaonetse poyamba mwadala, chifukwa umboni umenewu umakoma kwa munthu amene wadziwa kale kuti 641 anachokera kuti.

Lachisanu, 6 Juni

Lero tinafunsa za mnzake uja, 6,700,417. Kodi ndi prime, kapena nayenso amasweka?

Prime iliyonse yomugawa ikugawanso nambala yathu yaikulu, choncho sefa ya sabata ija ikugwirabe ntchito. Ndinawapatsa sefa yothina kwambiri, imene Édouard Lucas anaipeza m'zaka za m'ma 1870: si 64 yekha, koma 128 amene ayenera kugawa p − 1. Umboni wake ndi wopitirira Fomu 3, ndipo ndawauza choncho mosabisa. Pa manila talemba mfundoyi ndi maka wofiira, kusonyeza chinthu chimene tabwereka osachitsimikiza tokha. Tinangoyesa ngati ikugwirizana ndi zomwe tili nazo: 641 ndi 128 × 5 + 1, ndipo 6,700,417 ndi 128 × 52,347 + 1. Zikugwirizana.

2,589 kuchulukitsa ndi 2,589 ndi 6,702,921, yapitirira kale, ndiye tikuyenera kufufuza mpaka 2,588 basi. Pansi pamenepo nambala za mtundu wa 128 kuchulukitsa ndi kanthu kuonjezera 1 zilipo 20. Kuzisefa kunatenga nthawi yambiri kuposa kugawa kwenikweniko, chifukwa zina zimabisala bwino: 1,537 ndi 29 × 53, 1,921 ndi 17 × 113, 2,561 ndi 13 × 197. Ma prime anatsala asanu: 257, 641, 769, 1,153 ndi 1,409. Zotsala zake, motsatana, ndi 170, 44, 120, 334 ndi 622. Palibe ziro. Nambala ya mamiliyoni asanu ndi limodzi ndi kanthu tatsimikiza kuti ndi prime pogawa kasanu kokha.

Mwana wina sanakhutire ndi maka wofiira uja. Wati kunyumba akayesa ndi sefa ya 64 imene tinaitsimikiza tokha, ngakhale ili ndi nambala 40 zoti asefe, kuti tidzafufute chofiiracho. Ndamubwereka kakyuleta yanga mpaka Lolemba.

Lachisanu, 13 Juni

Anabwera nazo Lolemba m'mawa, masamba atatu, palibe yogawa. Gulu lina labwereza, zagwirizana. 6,700,417 tamulembanso ndi maka wakuda.

Popeza tsopano tikudziwa kuti nambala yathu ndi 641 × 6,700,417, kuiika m'magulu kwayenda mofulumira. Ndi ya mtundu wa semiprime, nambala yopangidwa ndi ma prime awiri okha. Nambala zoigawa zilipo zinayi: 1, 641, 6,700,417 ndi iyo yomwe. Palibe sikweya (nambala yotuluka mukachulukitsa nambala ndi iyo yomwe) yoigawa kupatula 1. Zoigawa zitatu zazing'onozo kuziphatikiza zikupereka 6,701,059, zochepetsetsa poyerekeza ndi iyo, ndiye ili m'gulu la nambala zoperewera, zimene mabuku amazitcha deficient, kusiyana ndi 6 kapena 28 zimene zoigawa zake zimakwana ndendende. Nambala za pansi pake zosagawana nayo prime iliyonse zilipo 640 × 6,700,416, zomwe ndi 4,288,266,240. Ichi chikufotokoza chifukwa chake kungolota nambala yoigawa kunali kosatheka.

Pamene tinakhalitsa ndi pa masikweya. Aliyense akuona kuti nambala yathu ndi 65,536² + 1². Koma 641 ndi 25² + 4², ndipo 6,700,417 ndi 2,556² + 409², zimene ndinawapatsa kuti ayese ndipo anapeza 6,533,136 kuphatikiza 167,281. Pali njira yakale yochulukitsira nambala ziwiri zoterezi n'kupezanso masikweya awiri, ndipo imatuluka pawiri. Chulukitsani 25 ndi 2,556, mupeza 63,900. Chulukitsani 4 ndi 409, mupeza 1,636. Kuphatikiza ndi 65,536, kuchotsera ndi 62,264. Mbali inayo, 25 × 409 ndi 10,225 ndipo 4 × 2,556 ndi 10,224. Kuchotsera ndi 1, kuphatikiza ndi 20,449. Choncho nambala yathu ndi 62,264² + 20,449² komanso. Prime siingalembedwe ngati masikweya awiri m'njira ziwiri zosiyana, ndiye uwu ndi umboni wachiwiri, wochokera mbali ina, woti Fermat anaphonya. Ana anasangalala ataona 65,536 ndi 1 akutuluka okha m'nambala zooneka ngati zosagwirizana. Ine chinandigwira mtima ndi 10,225 ndi 10,224 kukhala moyandikana chonchija.

Talembanso mmene kompyuta imaionera: mu binary, kalembedwe ka ma 0 ndi 1 okhaokha, ndi 1, maziro 31, kenaka 1, malo 33 onse pamodzi. Ma adiresi a intaneti a mtundu wa IPv4 ali ndi malo 32, choncho onse amene angatheke ndi 4,294,967,296. Nambala yathu yaposa chiwerengero chimenecho ndi imodzi. Ndinawauzanso kuti 65,537, amene akuitsogolera pamzera wa Fermat, amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'njira yobisira uthenga ya RSA, imene chitetezo chake chagona pa kuvuta kwa kuswa ma semiprime aakulu kwambiri. Yathuyi ndi kamwana poyerekeza ndi amenewo.

Lachisanu, 20 Juni

Zavuta pang'ono lero, ndipo zatiphunzitsa.

Ndinafuna aone kuti nambala yathu imanamiza. Lamulo la Fermat lija limagwiritsidwa ntchito poyesa ngati nambala n ndi prime: kwezani 2 ku n − 1, mugawe ndi n, ngati chotsala si 1 ndiye kuti n si prime. Kwa yathuyi chotsala ndi 1, chifukwa mzunguliro wake ndi 64 ndipo 64 amagawa 4,294,967,296. Ikupambana mayeso ngati prime pamene tikudziwa kuti imasweka. Nambala zotere amazitcha pseudoprime, ndipo talemba dzinali pa manila. Nambala iliyonse ya Fermat imapambana mayeso a 2 amenewa, kaya ndi prime kaya ayi.

Mayeso amene sainamiza ndi a Théophile Pépin a mu 1877. Mumayamba ndi 3, n'kumamuchulukitsa ndi iye mwini, kusunga chotsala, maulendo 31. Ngati nambalayo ndi prime, pomaliza mupeza 4,294,967,296. Ndinabwereka laputopu kwa mphunzitsi mnzanga n'kuika masamuwa pa pulogalamu ya matebulo. Zinayamba bwino: 9, 81, 6,561, 43,046,721. Pa ulendo wachisanu pulogalamu inaonetsa nambala yothera ndi 840. Mwana mmodzi anaimika dzanja n'kunena kuti, "Sala, wani kuchulukitsa ndi wani sangathere ndi ziro." Ananena zoona. Yankho lenileni ndi 1,853,020,188,851,841, lomwe lili ndi manambala 16, pamene pulogalamuyo imasunga 15 okha n'kuika ziro pa otsalawo, osachenjeza. Tikanapitiriza, zonse za m'munsi zikanakhala zabodza koma zooneka bwino. Ndinamuyamika pamaso pa onse, chifukwa kuyang'ana nambala yomaliza ndi chizolowezi chimene ndakhala ndikuwaumiriza kuyambira Fomu 1.

Tinabwereza ndi Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, amene amasunga nambala zazitali zonse bwinobwino. Pa ulendo wa 31 chotsala ndi 10,324,303. Si 4,294,967,296, ndiye nambalayi si prime, umboni wachitatu. Mayesowa amangonena kuti yasweka, osatchula woiswa. Tinakangana za mtundu wa maka woti tilembere. Ena amati wakuda poti pulogalamuyo tinalemba tokha, ena amati wofiira poti sitinawerengere pamanja. Tagwirizana zogula wabuluu.

Lachisanu, 27 Juni

Mpata pa manila watsala ngati chikhatho. Mu mzere womaliza ndikufuna mukhale za Carl Friedrich Gauss, amene mu 1796 anapeza kuti chithunzi cha mbali 17 zofanana chingajambulidwe ndi kampasi ndi rula yopanda manambala. Lamulo lake, limene Pierre Wantzel anamaliza kutsimikiza mu 1837, likuti chiwerengero cha mbali chikakhala chosagawika ndi 2, chiyenera kupangidwa ndi ma prime a Fermat osabwereza. Ndiye chithunzi cha mbali 4,294,967,295 chingatheke, poti ndi 3 × 5 × 17 × 257 × 65,537, chimene mtsikana uja anapeza sabata yachiwiri. Cha mbali 4,294,967,297 sichingatheke, poti 641 sali pamzera wa Fermat. Nambala ziwiri zosiyana ndi 2 yekha. Ichi chilowa ndi maka wofiira.

Afunsa za zotsatira pamzerawo. Yotsatira, 2⁶⁴ + 1, imagawika ndi 274,177, ndipo Fortuné Landry anafalitsa zimenezi mu 1880. Ya 2¹²⁸ + 1 inaswedwa mu 1970 ndi Michael Morrison ndi John Brillhart pogwiritsa ntchito kompyuta. Kuyambira pa yathuyi, imene amaitcha F5, mpaka F32, zonse zadziwika kuti si ma prime. Za F33 dziko silinapeze yankho, ndipo chichokereni kwa 65,537 palibe amene wapezanso prime ina ya Fermat. Ana awiri akufuna kuyesa 274,177 ndi njira ya zotsala ija pa tchuthi. Ndawaonetsa kuti kuchokera pa 65,536 ndi masitepe awiri okha, ndipo ndawachenjeza kuti sitepe yomaliza itulutsa nambala yosakwana pa kakyuleta, choncho aichite pamanja.

Sabata ya mawa tijambula cha mbali zisanu pabwalo ndi chingwe ndi zikhomo, kenaka tiyesa cha mbali 17 pa manila watsopano. Makampasi abwino tili nawo atatu okha, ena onse ndi olobodoka, ndipo pa mbali 17 kulobodoka pang'ono kumaononga chithunzi chonse. Ndapempha ana a Fomu 4 atibwereke awo akamaliza pepala lawo la masamu.